Nyenyezi za M'mwala wa Bambo

Tsiku limene mnyamata wina wofufuza za miyala analowa koyamba m'sitolo yake ya magalasi, Mzime anangomuyang'ana kamodzi n'kudziwiratu kuti maso ake anali otopa, ndiponso kuti malaya ake anali asanakumanepo ndi simbi chigulireni. Anamukhazika pampando n'kumuuza kuti awerenge zilembo za pakhoma. Mnyamatayo anawerenga mzere wapamwamba molimba mtima, wachiwiri mwamwayi, wachitatu anangopeka.

"Mumagwira ntchito yanji yomwe yakudyani maso chonchi?"

"Ndimakhalira kusuzumira m'maikulosikopu ku yunivesite. Ndimafunsa miyala zaka zake."

"Imayankha?"

"Kuposa anthu."

Atabwera kudzatenga magalasi ake, anawavala, anatembenuka, n'kumuyang'anitsitsa Mzime. "Aa, kodi ndinu otere? Ndikanadziwa ndikanasita malaya." Mzime anaseka mpaka kugwira kauntala, ndipo kuyambira pamenepo anamutcha Maso Anayi. Iye dzina la Mzime analitenga kunyumba poti anali womaliza kubadwa, ndipo linamutsatira kusukulu mpaka kuntchito.

Tsopano chibwenzi chinali chitakhwima, moti Mzime anali atagamula kuti Lamlungu likubweralo Maso Anayi akaonekere kwa makolo ake. Koma Lachisanu masana mnyamatayo analowa m'sitolomo akukoka miyendo, nkhope itagwa.

"Walowa ngati munthu amene waponda mphaka wa bwana wake. Kwagwanji?"

"Pepala langa la kafukufuku lija alivomera. Akuti alisindikiza."

"Ndiye nkhope yamaliroyo ndi ya chiyani?"

Maso Anayi anayatsa foni n'kumuonetsa chithunzi. Panali tinthu toyera tooneka ngati nyenyezi zimene ana amajambula m'makope, tina ta manja owongoka, kamodzi ka manja opindika ngati kakuvina.

"Izi ndi ndere," iye anatero. "Osati zija zoterera za pamiyala ya mumtsinje. Izi ndi tamoyo ting'onoting'ono timene tinkayandama m'nyanja yamchere kalekale. Tikafa, tizigoba take tinkamira n'kuunjikana pansi mpaka kusanduka mwala woyera ngati choko. Pansonga pa singano pangakwane mudzi wonse wa timeneti."

"Zokongola. Pitiriza."

"Mtundu uliwonse unali ndi nyengo yake, kenako n'kutha. Ukaupeza m'mwala, wadziwa msinkhu wa mwalawo. Zili ngati chithunzi chakale. Ukaona azibambo avala mathalauza otambalala kumapazi, sufunsanso kuti chinajambulidwa liti. Kovinaka palibe anakalembapo, ndine woyamba. Koma tinzaketi timadziwika, ndipo tinabwera padziko zinyama zikuluzikulu zija zotchedwa madayinoso zitatha kalekale."

Apa Mzime anasiya kupukuta galasi limene linali m'manja mwake. Bambo ake anali pulofesa wa miyala wopuma pantchito. Buku lawo lonena za phiri loyera la kunja kwa mzinda ndi limene ophunzira ankaloweza, ndipo mfundo yake yaikulu inali yakuti miyala ya phirilo inaumbika madayinoso akadali moyo. Mzime anakula akumva zimenezi patebulo mpaka ankatha kuzinena ali m'tulo.

"Tinyenyezi timeneti watipeza kuti?"

"M'kamwala kaja unandipatsa pa tsiku langa lobadwa."

"Ka mukabati ya bambo kaja? Iwe, ndinakupatsa kuti uzipsinjira mapepala!"

"Ndinangopala pang'ono. Munthu wa miyala ukamupatsa mwala, ukuyembekeza kuti atani? Nditaona zimenezi ndinapita kuphiriko kukatenga ina, m'munsi, pakati, pamwamba. Yonse ikunena chimodzimodzi. Phiri lija ndi laling'ono pa zaka kuposa mmene bambo ako analembera. Buku lawo lagwa, Mzime, ndipo waligwetsa ndi ine. Lamlungu ndikalowe bwanji m'nyumba mwawo?"

Mzime anayika galasi lija pansi, n'kumukonza kolala.

"Ukalowa ndi miyendo, ngati anthu onse. Bambo anga anandilera ndi mawu amodzi, akuti mwala sunama. Lero mwala wayankhula, akwiyira ndani? Sita malaya basi. Zinazo undisiyire."

* * *

Loweruka madzulo, pofika kunyumba, anapeza galimoto yakuda itaima pageti. Anaidziwa. Mwini wake anali wophunzira wakale wa bambo ake, amene tsopano anali mkulu wa dipatimenti yomwe Maso Anayi ankagwirako ntchito. Kunyumbako ankamutcha Suti, chifukwa ngakhale dzuwa liswe mtengo sankavula jekete. Anali atamufunsirapo Mzime, n'kukanidwa, n'kufunsiranso, n'kukanidwanso, koma sanasiye kubweretsera apulofesa zipatso ndi nkhani za ku yunivesite.

Anakumana pakhonde, Suti akutuluka.

"Mzime, mwaswera bwanji? Ndamva kuti mawa kuli mlendo."

"Makutu anu ndi abwino. Ndi maso okha amene sindinawapime."

Suti anamwetulira mosaonetsa mano. "Pepala la mlendo wanuyo linadutsa padesiki panga. Ndaona kuti ndi bwino bambo adziwiretu, asadzamve kwa anthu a mumsewu."

"Mwachita changu."

"Ndimawalemekeza bambowa. Anandiphunzitsa zonse." Anatsitsa mawu. "Koma inu ndi amene ndikukumverani chisoni. Kodi mukuganiza kuti m'tauni muno muli sitolo imodzi yokha ya magalasi? Mnyamata amene uja ankadziwa kuti ndinu mwana wa ndani. Miyala ya apulofesa ili m'nyumba muno, ndipo palibe amaloledwa kuikhudza. Iye anangopeza khomo losavuta."

Mzime anamuyang'ana m'maso.

"Ngati ine ndili khomo losavuta, inu mwagogoda zaka zonsezi bwanji osalowa?"

Suti anakonza tayi yake n'kupita ku galimoto.

Mzime analowa kuchipinda kwake, n'kukhala pabedi nsapato zili kuphazi. Anatenga foni n'kulemba: "Unadziwa liti kuti ndine mwana wa apulofesa? Usaganize nthawi yaitali."

Yankho linabwera msanga. "Tsiku lodzatenga magalasi. Nditawavala ndinaona iwe, kenako ndinaona chithunzi chawo kumbuyo kwako pakhoma."

"Ndiye pamene ndinkakuuza za bambo anga patapita miyezi, iwe n'kumati eti, eti, unkachita sewero?"

"Ndinkaopa. Ndinaganiza kuti ukadziwa kuti ndimawadziwa, uziti ndikufuna ntchito kapena miyala."

"Lero ndi zimene anthu akunena."

Panadutsa kanthawi, kenako foni inalira. Mzime anaisiya ilire pang'ono asanayankhe.

"Mzime, ndinalakwa kubisa. Koma tsiku loyamba lija, chithunzi chija sindikanachiona ngakhale chikanakhala chachikulu ngati chitseko. Iwe wemwe unandipima. Mzere wachitatu ndinkapeka."

Mzime anakumbukira mmene mnyamatayo anatchulira nambala pamene panali chilembo, ndipo mkwiyo unayamba kumuthawa ngakhale iye ankaukoka kuti ukhale.

"Tsono unabwereranji tsiku lotsatira, magalasi asanakonzedwe n'komwe?"

"Ndinati ndaiwala ambulera."

"Kunalibe mvula."

"Ndipo ndilibe ambulera."

Mzime analuma mlomo kuti asaseke. "Mlandu wa bodza ndausunga, udzaulipa bwinobwino. Mawa ubwere ndi maikulosikopu yako yaing'ono ija, ndi tinyenyezi tako. Bambo awauza kale nkhaniyi mokhotetsa. Ndikufuna adzionere okha."

* * *

Lamlungu Maso Anayi anafika malaya ali osita mpaka m'mikono, bokosi la maikulosikopu lili m'manja ngati mwana wakhanda. Amayi ake a Mzime anamulandira bwino, n'kumuunguza kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako n'kunong'oneza mwana wawo kukhitchini kuti, "Ndi wowonda, koma zimenezo zimakonzeka."

Pabalaza apulofesa anali pampando wawo wa nthawi zonse, pafupi ndi zenera, ndodo ili pakati pa miyendo. Pambali pawo panali Suti, amene anaitanidwa popanda Mzime kudziwa.

"Bambo, uyu ndi mnzanga uja ndinkakuuzani."

"Ndamva za iye," anatero apulofesa osatambasula dzanja. "Ndinu amene mwachepetsa phiri langa?"

"Bambo, ine sindinachepetse kanthu. Buku lanu ndi limene linandikopa kuti ndiphunzire za miyala. Mapu anu a phirilo ndi amene ndinayenda nawo, ndipo sanandisocheretse pena paliponse. Kungoti nthawi imene munkalemba, makina oonera tinthu timeneti kuno kunalibe."

"Ndiye kuti ndinkalemba mumdima."

"Si zimene ndikutanthauza, bambo."

"Achinyamata a masiku ano," Suti analowererapo, "akangoona kadontho pagalasi amathamangira kusindikiza. Mwina ndi fumbi la m'labu."

"Fumbi la manja asanu?" anafunsa Mzime. "Labu yanuyo mumasesa bwanji?"

Amayi anakhosomola n'kuitana anthu kuti akadye. Chakudya chinadyedwa mwakachetechete, mafoloko okha ndi amene ankacheza. Mbale zitachotsedwa, Mzime anayala nsalu yoyera patebulo, n'kuuza Maso Anayi kuti atulutse maikulosikopu. Mnyamatayo anailumikiza kumagetsi, anaika kagalasi kopyapyala pansi pake, anasuzumira, anapotoza pang'ono, n'kudzuka.

"Zakonzeka, bambo."

"Bambo," anatero Mzime, "munandiphunzitsa kuti munthu asatsutse mwala asanauyang'ane. Bwerani."

Apulofesa anaika ndodo yawo pambali. Kenako anadzuka, anayenda pang'onopang'ono dzanja likutsatira m'mphepete mwa tebulo, n'kukhala pansi. Anawerama n'kuika diso. Amayi anali ataima pakhomo la kukhitchini, akupotokola kansalu kopukutira mbale.

Apulofesa anakhala choweramira nthawi yaitali. Atadzutsa mutu, nkhope yawo inali itauma.

"Sindikuona kanthu."

"Bambo, mwina mupotoze apa pang'ono," anatero Maso Anayi akutambasula dzanja.

"Musandiphunzitse maikulosikopu m'nyumba mwanga! Ndinayamba kuigwira inu musanabadwe. Ndati sindikuona kanthu. Mulibe nyenyezi umu, muli chifunga chokhachokha."

"Ndimanena ine," anatero Suti motsitsa.

"Munatenga mwala wanga popanda kupempha. Mwanyoza ntchito ya moyo wanga wonse. Lero mwabwera kudzatenganso mwana wanga? Nyamulani katundu wanu. Pepala limenelo likatuluka, phazi lanu lisadzapondenso pakhomo pano."

"Bambo, mwalawo ndinatenga ndine," anatero Mzime.

"Iwe khala chete. Ndidzayankhula nawe."

Maso Anayi analongedza maikulosikopu, anawerama kwa amayi, n'kutuluka. Mzime anamuperekeza mpaka pageti.

"Usachite chilichonse," anamuuza. "Wamva? Pita kunyumba, ukadye, ukagone. Nkhaniyi sinathe."

"Wawamva wekha, Mzime."

"Ndawamva. Komanso ndawaona. Iwe sunaone chimene ine ndaona."

Koma Maso Anayi anali atayamba kale kuyenda, bokosi lili pachifuwa, mutu uli pansi.

* * *

M'mawa mwake Mzime sanatsegule sitolo. Anadikira kuti amayi apite kumsika, n'kupanga tiyi, n'kulowa naye m'chipinda chowerengera cha bambo ake. Munali mashelefu a mabuku mpaka kudenga, ndi kabati yagalasi yodzaza miyala, uliwonse uli ndi kapepala kake. Apulofesa anali padesiki, buku lili chitsegulire patsogolo pawo.

"Ngati wabwera kudzamupepesera, bwerera."

"Ndabweretsa tiyi." Anaika kapu padesiki. "Bambo, nthawi ili bwanji? Foni yanga ndaisiya kuchipinda."

"Wotchi ili pakhomapo."

"Ndiwerengereni."

Apulofesa anatembenukira kukhoma, n'kutsinzinira. "Ukundiyesa mwana?"

"Bambo, wotchi ija amayi anaichotsa sabata yatha, inafa. Pakhomapo pali msomali wokha."

Mzime anakoka mpando n'kukhala pafupi nawo. Anatulutsa katochi kake ka kuntchito m'thumba.

"Dzulo simunakhudze n'komwe kopotozera. Munthu amene wagwira maikulosikopu moyo wake wonse, dzanja limapita lokha pamenepo. Inu simunapotoze chifukwa munkadziwa kuti sizithandiza. Mutati mukuona chifunga, a Suti anamva ngati chigamulo. Ine ndinamva bambo anga akunena zoona. Yang'anani kuno."

"Sindipimidwa ndi mwana amene ndinkamusintha matewera."

"Matewera ankasintha ndi amayi, inu munali kuphiri. Yang'anani kuno."

Anayang'ana. Mzime anaunika diso lamanja, kenako lamanzere. M'kati mwa onse awiri munali mtambo wotuwa.

"Ng'ala," iye anatero. "Maso onse. Yayamba liti?"

Apulofesa anapumira m'mwamba. "Chaka chatha zilembo zinayamba kusungunuka. Amayi ako ndi amene amandiwerengera nyuzipepala. Ndinawauza kuti asauze munthu."

"Mwana wanu ali ndi sitolo ya magalasi, inu n'kumayenda mogwira makoma?"

"Ukudziwa chiyani iwe? Munthu wa miyala ndi maso. Anthu akadziwa kuti sindiona, ndatha. Ndiye dzulo, pamaso pa wophunzira wanga, pamaso pa mnyamata amene wagwetsa buku langa, ndikanati pepani, ndine wakhungu?"

"Ndiye munasankha kuthamangitsa munthu wosalakwa."

Apulofesa anafufuza kapu ndi dzanja, Mzime n'kuwasunthira pafupi.

"Bambo, ng'ala si imfa. Ndi opaleshoni yaing'ono, mumalowa m'mawa, masana muli kunyumba mukukalipira amayi. Ndikudziwa dokotala wa manja abwino. Mudzaonanso zilembo, mudzaona miyala yanu, mudzaonanso kuti ndinameta tsitsi mwezi watha ndipo simunanene kanthu."

Apulofesa anaseka pang'ono mosafuna. Kenako anafunsa motsitsa, ngati akuopa kuti mabuku amva: "Iwe unationa tinyenyezito?"

"Ndinationa."

"N'totani?"

"Tina tili ndi manja owongoka. Katsopanoko manja ake ndi opindika, onse kupindikira mbali imodzi, ngati kakuzungulira."

"Kupindikira mbali imodzi," anabwereza apulofesa. Zala zawo zinayamba kujambula padesiki. "Ndipo akuti wapeza kuyambira m'munsi mpaka pamwamba? Ngakhale kuseri kuja, kumene kuli mwala wotuwa?"

"Mukamufunse yekha. Ine ndimagulitsa magalasi."

Apulofesa atayankhulanso, mawu awo anali a munthu amene Mzime ankamudziwa kuyambira ali mwana.

"Kakonze za dokotala wakoyo. Maso akatseguka, mnyamatayo abwerenso ndi makina ake. Ndikationa ndi diso langa, ndidzaimirira ndekha pamsonkhano wa akatswiri n'kunena kuti ndinalakwitsa. Sindidzalola kuti wina andinenere. Koma ndikapeza kuti ndi fumbi, usadzanditchulirenso dzina lake."

"Ndavomera."

"Wavomera msanga bwanji?"

"Chifukwa ndikudziwa chimene mukaone."

* * *

Anayesa kumuimbira Maso Anayi ali pageti, koma foni inali yozimitsa. Anayesanso ali m'galimoto, chimodzimodzi. Anadutsa kaye kwa dokotala wa maso uja kukapempha tsiku, ndipo pofika ku yunivesite dzuwa linali litapendeka. Anakwera masitepe akuthamanga, chikwama chikumumenya m'chiuno.

Labu ya Maso Anayi inali kachipinda kakang'ono kumapeto kwa khonde, konunkha fumbi ndi guluu. Anamupeza atakhala pampando wake wozungulira, magalasi ali patebulo, akuyang'ana khoma. Shelefu imene nthawi zonse inkadzaza timabokosi ta magalasi opyapyala inali mbee.

"Foni yako yatani? Ndili ndi nkhani yabwino moti ukaimva undigulira nsapato. Bambo sanakane tinyenyezi tako. Sakuona, ali ndi ng'ala maso onse. Avomera opaleshoni, ndipo akuti akachira ubwerenso. Akationa, adzavomera okha pamaso pa anthu."

Maso Anayi anamuyang'ana ngati munthu amene wauzidwa kuti basi imene amaidikira inadutsa kale.

"Mzime, pepala lija ndalichotsa."

"Wati chiyani?"

"M'mawa uno. Ndalembera osindikiza kuti asalitulutse."

"Ndinakuuza kuti usachite chilichonse!"

"Ndinaona nkhope yawo dzulo. Ndinaonanso yako. Ndinati ndere zadikira zaka mamiliyoni, zingadikirenso. Koma iwe sindingakutaye chifukwa cha tizigoba."

Mzime anafuna kumukumbatira ndi kumumenya nthawi imodzi, ndipo posadziwa choyamba, anangomenya tebulo.

"Ndani anakuuza kuti ukunditaya? Ine ndimaoneka ngati khobidi logwera m'ngalande? Chabwino, uwalemberenso. Uwauze kuti unali ndi malungo." Anatembenukira kushelefu ija. "Nanga timabokosi tako tili kuti?"

Maso Anayi anatenga magalasi ake n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya.

"Abwana anabwera."

"A Suti?"

"Anati amva chisoni ndi zadzulo. Anati njira yokha yoziziritsira mtima wa bambo ndi yakuti zonse zichoke m'manja mwanga, zikasungidwe ku ofesi ya dipatimenti mpaka nkhaniyi itazizira. Anati iwo akawauza bambo kuti ndagonja, ndipo andilankhulira."

"Unawapatsa chiyani?"

"Timagalasi tonse ta ndere. Miyala ya kuphiri. Zithunzi."

"Zithunzi uli nazo zina pakompyuta."

"Kompyuta ndi ya dipatimenti. Anaitenganso."

Mzime anakhala pansi pa kampando ka pakona. Anamuyang'ana mnyamata ameneyu, wodziwa kuwerenga zaka za phiri kuchokera pa kanthu kosaoneka ndi maso, koma wolephera kuwerenga munthu wovala jekete ataima patsogolo pake.

"Maso anayi onsewo," iye anatero, "osaona ngakhale limodzi."

Foni yake inalira. Anali amayi, ndipo ankayankhula monong'ona, madzi akukhuthukira m'sinki kumbuyo kwawo kuti mawu asamveke pabalaza.

"Mzime, uli kuti? Bwera msanga. A Suti ali pano ndi bokosi."

"Bokosi la chiyani, amayi?"

"La timagalasi. Akuwauza bambo ako kuti tinyenyezi tija tiliko ndithu, koma anatipeza ndi iwo kalekale, ndipo amadikira nthawi yabwino yowauzira mwaulemu. Akuti mnzako uja anaba ntchito yawo, n'chifukwa chake lero wachita mantha n'kuchotsa pepala lake. Abweretsa ndi umboni woti walichotsadi."

Mzime anaimirira. "Bambo akuti chiyani?"

"Mwana wanga, a Suti akuti alemba pepala latsopano, dzina la bambo ako likhale patsogolo, kuti zioneke kuti akonza okha buku lawo. Akutinso kanyenyezi katsopanoko akatcha dzina la bambo ako. Bambo ako agwetsa misozi, ine chikwatiwireni sindinaonepo." Amayi anatsitsanso mawu. "Ndipo si zokhazo. Apempha kuti Loweruka abwere ndi akuluakulu a kwawo, adzayankhule za iwe."

"Bambo ayankha kuti chiyani?"

"Akuti abwere."

Mzime anadula foni. Maso Anayi anali ataimirira, akumuyang'ana, magalasi ali m'manja.

"Kwachitika chiyani?"

"Abwana ako akuba nyenyezi zako, ndipo Loweruka akubwera kudzatenga ine." Anatola makiyi a galimoto patebulo. "Chithunzi chija unandionetsa Lachisanu chikadali m'foni mwako?"

"Chilimo. Koma ndi chimodzi chokha, Mzime. Iwo ali ndi bokosi lonse, ofesi, ndi bambo ako."

"Ali ndi bokosi, koma phiri sanalinyamule. Vala magalasiwo, tenga nyundo yako. Tiye."

Anali asanafike pachitseko pamene chinatseguka chokha. Panaima mlonda wa pasukulupo, chipewa chili m'manja, maso akuthawathawa.

"Pepani achimwene," anatero kwa Maso Anayi. "Abwana a dipatimenti aimba foni. Akuti mwaimitsidwa ntchito mpaka akufufuzeni pa mlandu wakuba kafukufuku. Andituma ndidzatenge makiyi a labu, ndipo akuti musatuluke ndi kanthu kalikonse, ngakhale foni imene munajambulira zinthu za muno."

Maso Anayi anayang'ana Mzime. Mzime anayang'ana foni ija, imene inali patebulo pakati pa iye ndi mlondayo, ndipo mlonda anali atatambasula kale dzanja.